Lemonigirasi wanga akuuma pakati, ndizule kapena ndimusiye?

Nabanda: Mwaswera bwanji nonse pagulu pano. Ndithandizeni nzeru. Lemonigirasi amene ndinadzala kuseri kwa khitchini wayamba kuuma, koma kuuma kwake kwachilendo. M'mphepete monse masamba ali biriwiri, pakati pokha ndiye pauma gwa. Ukakoka tsamba limangosololoka ndi katsinde kakuda kowola. Chithunzi ndi icho. Chiyambire Ogasiti ndakhala ndikuthirira madzulo alionse koma palibe chosintha. Ndi matenda kapena chiswe?

Gift wa ku Joni: Achemwali pamenepo pakuoneka ngati pogona nkhuku yofungatira mazira 😂 Suzumirani bwino mwina mupezapo anapiye.

Nabanda: Inu a Gift musandiseketse, mtima ukuwawa kuno.

Make Tadala: Chiswe chimenecho mayi. Nyengo yotentha ino chimalusa, kwathu kuno chandimalizira nzimbe ziwiri. Wazani phulusa lambiri patsinde.

Bambo Mwale: Tisanachiweruze chiswe ndifunseko kaye. Munadzala liti, ndipo chidzalireni munayamba mwaligawapo phatalo?

Nabanda: Disembala 2019. Kugawa ayi, sindinagaweko. Anthu akapempha ndimangowadulira masamba basi.

Bambo Mwale: Ndiye nkhani yonse yagona pamenepo. Si matenda ayi, phata lakalamba. Udzu umenewu umakula chotambasuka, ana amaphukira kunja, makolo amatsala pakati. Tsinde lililonse lili ndi nthawi yake, likatha limafa, ndipo likafa palibe malo oti mwana aphukirepo chifukwa pakatipo padzaza kale zinyalala zake zomwe. Chinanso, yang'anitsitsani chithunzi chanucho. Mukuona kuti phata lakwera pamwamba pa dothi ngati kachulu? Chaka ndi chaka matsinde atsopano amamera pamwamba pa akale, ndiye mizu yatsopano imalendewera m'malere osafika pansi. Mukathirira, madzi amakhazikika m'zinyalala zapakatizo n'kuziwoletsa, pomwe mizu yeniyeni ili ndi ludzu.

Chiswe mukachipezamo ndithu, sindikukana, koma chabwera kumaliro, si ndicho chapha munthu. Chimatsata zouma.

Pa zaka zitatu kapena zinayi phata limafunika kulizula lonse, kuling'amba, n'kudzalanso pena. Inu mwadutsitsa.

Make Tadala: "Chabwera kumaliro" 😂😂 a Mwale inu mundipha. Koma zoona, ndikakumbukira nzimbe zanga zija zinayamba zauma kaye.

Nabanda: Zikomo bambo. Koma kuzula lonse ndiye kukundiopsa. Palibe njira yongochotsa zowolazo n'kuthirapo manyowa pakatipo?

Bambo Mwale: Ilipo, koma ndi yongonyengerera. Mukachotsa zowola n'kukwirira dothi losakaniza manyowa, mupeza chaka china chimodzi. Kenako mubwereranso pagulu pano ndi chithunzi chomwechi. Mukuopa chiyani kwenikweni? Udzu umenewu ndi wamakani, suferapo kuzulidwa.

Nabanda: Ndinene zoona. Mbewu imeneyi ndinaitenga kumudzi ku Ntcheu, pakhomo pa mayi anga. Anandizulira okha ndi kakhasu kawo, n'kukulunga mizu m'pepala la shuga lonyowetsa, amvekere ukafika usagone usanadzale. Chaka chotsatira anatisiya. Ndiye ndikaganiza zoika khasu pamenepo, manja amalemera. Ndikazula n'kufa yense ndidzalowera kuti?

Make Tadala: Aaa pepani mayi. Sindimadziwa.

Gift wa ku Joni: Pepani achemwali, nthabwala ija ndabweza.

Nabanda: Musadandaule a Gift, inenso ndinaseka. Nkhuku imagonapodi masana.

Agogo Nasimango: Uyu ndi mdzukulu wawo ndikulemba zimene akunena agogo. Akuti, mwana wanga Nabanda, mayi ako pokuzulira paja anatenga kuti? Si anang'amba phata lawo lomwe? Akanaliopa khasu iwe ukanakhala ndi chiyani lero? Akuti kale mbewu sitinkasunga m'nyumba imodzi. Chinangwa, mbatata, nthochi, unkapatsa mnzako wa tsidya kuti mbuzi zikakudyera kapena moto ukadutsa ukatengenso komweko. Kupatsa n'kuika. Akuti iwe wakhala zaka zonsezi ukupatsa anthu masamba, masamba samera. Apatse mizu.

Che Jafali: Agogo alankhula. Ife tingowonjezera pang'ono.

Nabanda: Uwauze agogo kuti ndamva, ndipo andiliza. Chabwino, ndizula. A Mwale ndiuzeni kachitidwe kake mwatsatanetsatane, ndisalakwitse.

Bambo Mwale: Choyamba musathamange. Pano ndi Okutobala, dzuwa la ku Lilongwe mukulidziwa. Chizimalupsa chikagwa musanyengeke nacho, mvula imeneyo imanyowetsa pamwamba pokha kenako kumabwera masabata awiri a ng'amba. Dikirani mvula yodzalira chimanga, kumapeto kwa Novembala kapena mu Disembala, dothi litanyowa kufika mkono. Ngati muli ndi madzi okwanira othirira mukhoza kuchita ngakhale mawa, koma bilu yake mudzaiona.

Panopa chitani ziwiri. Lekani kuthira madzi pakati pa phata, muzithira mozungulira, kawiri pa sabata basi koma okwanira. Ndiye konzeranitu malo atsopano. Pakhale podutsa dzuwa tsiku lonse kapena kuposa theka la tsiku, pansi pa mango ayi. Mayenje akuya ngati kuchokera pachigongono kufika kunsonga za zala, otalikirana phazi limodzi lalikulu la munthu wamkulu poyenda. Anthu amadzala mothithikana poona timbewu tating'ono, kuiwala kuti pakutha chaka kamodzi kokha kamadzaza ndowa. M'dzenje lililonse sakanizani dothi lapamwamba ndi manyowa owolerana, mafosholo awiri. Ndati owolerana. Zitosi za nkhuku zaziwisi zimawotcha mizu.

Tsiku lozula, thirirani phata dzulo lake kuti dothi lifewe. Metani masamba onse ndi zenga kusiya ngati chikhatho ndi theka kuchokera pansi. Valani malaya a manja aatali, masamba ake amacheka ngati lezala. Kumbani mozungulira, tekenyani ndi khasu mpaka litembenuke. Mukatero muona nokha, matsinde amoyo ndi olimba, oyera kumunsi ngati anyezi wamasamba, ndipo ali ndi timizu. Akufa ndi opepuka, akuda, onunkha chuku. Ng'ambani ndi manja, pokanika chikwanje. Sendani makoko ouma akunja. Dzenje limodzi matsinde awiri kapena atatu, kukwirira gawo loyera lokha, osamiza mtima wake. Pondani dothi ndi chidendene kuti ligwire, thirirani, phimbirani ndi udzu wouma koma udzuwo usakhudze tsinde.

Pakatha sabata imodzi kapena ziwiri muona kansonga kobiriwira kakutuluka pakati pamene munadula paja. Mukakaona gonani tulo.

Nabanda: Ndasunga uthengawu. Nanga pamalo akalewo ndingabwezerepo?

Bambo Mwale: Mungathe, koma chotsani zowola zonse mutenthe, ndipo muthirepo manyowa ambiri chifukwa dothi limenelo ladyedwa zaka zonsezi. Udzu ndi udzu, umadya ngati chimanga. Ine ndikanadzala pena n'kuika nyemba pakalepo chaka chimodzi.

Make Tadala: Ndiwonjezerepo za madzi, poti ine zinandionekera. Wanga ndinadzala kumunsi kwa nyumba kumene kumatsikira madzi a padenga, ndimvekere apa ndiye sindidzavutika kuthirira. Zaka ziwiri anakondwa zedi, wamtali kufika m'chiuno. Ndiye kunabwera namondwe Freddy mu Malichi 2023, mvula masiku osawerengeka osakata, inu a ku Blantyre mukukumbuka. Ife tinapulumuka, nyumba sinagwe, koma kumunsiko madzi anaima sabata yathunthu. Atauma ndinapeza lemonigirasi yense wachita chikasu, kukoka kumangotuluka zonunkha ngati kabichi wowola. Pamene wa aneba anga, amene anadzala pamzere wokwera pafupi ndi mpanda, sanamve kanthu. Ndiye ngati dothi lanu ndi lamakande, kwezani kamzere. Amakonda madzi koma safuna kuima m'madzi.

Nabanda: Kuno ndi katondo, madzi salowa msanga koma saimanso. Ndikweza pang'ono.

Che Jafali: Kuno ku Mangochi vuto ndi lina, mchenga. Ukathirira m'mawa pofika 10 koloko pauma ngati sunathire. Ine ndinakumba kadzenje pamene timatsukira mbale ndi kusamba m'manja, ndinadzala mozungulira. Madzi otsukira mpunga, otsukira nsomba, onse amapita pamenepo. A sopo wambiri wochapira zovala okha ndiwo sitithira. Chaka chonse ndi wobiriwira, ndipo matope a pakhomo anatha chifukwa amamwa madzi onse. Tiyi wa mkaka woikamo lemonigirasi ndi jinja pang'ono, m'mawa ndi chigumu, simungafunenso masamba ogula.

Gift wa ku Joni: Che Jafali mwandikumbutsa kumudzi. Kuno ndiye nkhondo ndi chisanu. Johannesburg mu Juni ndi Julaye m'mawa udzu umayera mbuu, madzi a m'beseni kuuma. Chaka choyamba ndinaona wapsa yense ngati wathiridwa madzi otentha, ndinamumeta mpaka pansi kuti pakhale paukhondo. Kulakwitsa kwake kumeneko. Chisanu chotsatira chinalowa mpaka mumtima, anafa. Mayi wina wa ku Mozambique amene timakhala naye pa yadi ndiye anandiuza kuti masamba ouma aja ndi bulangete lake, usawachotse mpaka Seputembala kukayamba kufunda. Pano ndimadzala m'chigubu cha malita 20 chodula pamwamba, chobowola pansi, ndipo chikafika chisanu ndimachikokera pakhonde pafupi ndi khoma.

Bambo Mwale: Zimenezo n'zoona ngakhale kuno ku Dedza. Kumadambo kumagwa chisanu chowotcha mbatata ndi tomato. Lamulo langa ndi loti kuyambira Meyi mpaka Ogasiti ndimangothyola tsamba limodzilimodzi la tiyi, kumeta kwenikweni ndimadikira kufunde.

Mphatso UK: Moni nonse, ndimangowerenga nthawi zambiri koma lero ndilankhuleko. Kuno panja sangapulumuke m'pang'ono pomwe. Koma m'masitolo amagulitsa timatsinde take tophikira, poti anthu a ku Thailand ndi Vietnam amaika mu supu ndi mu nkhuku, gawo loyera lakumunsi lija. Ndinagula kapaketi, ndinasankha tiwiri tomwe sanadule kwambiri kumunsi, ndinaika m'kapu ya madzi pawindo, kusintha madzi pakapita masiku awiri. Patatha masabata atatu mizu yoyera inatuluka. Pano ali mumphika wa maluwa m'khitchini. Sakula ngati wa kumudzi, masamba ake ndi owonda, koma ndikatikita tsamba m'manja ndimakhala ngati ndili ku Zomba.

Make Tadala: Mu nkhuku?? Udzu wa tiyi mu nkhuku? Koma azungu.

Mphatso UK: Si azungu amayi, ndi anthu a ku Asia, ndipo mbewuyi kwawo ndi komweko. Ife ndife tinaipeza mochedwa n'kuimangirira ku tiyi yekha. Tayesani kamodzi, phwanyani tsinde loyeralo ndi chipande, ponyani mumphika wa nkhuku ya lokolo kapena chambo, pophula muchotse.

Make Tadala: Bambo a kunyumba kuno akangomva fungo la mandimu mu ndiwo ndiye milandu mpaka kwa ankhoswe. Ndiyesa tsiku limene apita kumudzi.

Yamikani: Funso langa ndi lina pang'ono. Ndinagula mbewu kwa mnyamata wina woyenda ndi njinga, akuti lemonigirasi. Patha miyezi isanu ndi itatu, wakula bwino, woongoka, koma tiyi wake sakumveka kanthu. Ngati ukumwa madzi a udzu basi. Kodi ndi dothi langa?

Bambo Mwale: Tumizani chithunzi. Ndipo thyolani tsamba, tikitani m'manja, nunkhizani.

Yamikani: Ndi icho. Fungo palibe.

Bambo Mwale: Achimwene anakugulitsani vetiva 😂 Uja timadzala pa akalozera kutchinga kukokoloka kwa nthaka. Mwakhala mukumwa mpanda wa m'munda miyezi isanu ndi itatu.

Gift wa ku Joni: 😂😂😂 Koma m'mimba mwanu simudzakokoloka a Yamikani.

Yamikani: Mayo ine. Ndipo ndapatsako alendo.

Bambo Mwale: Musachite manyazi, ambiri amasokoneza akakhala aang'ono. Vetiva masamba ake ndi owonda, olimba, opindika pakati ngati ngalande, ndipo amaima chilili. Fungo lake lili ku mizu, osati kumasamba, ndipo mizuyo imalowa pansi mamita awiri kapena kuposa. Lemonigirasi masamba ndi otambalala, otuwirako, amawerama kunsonga, mizu yake ndi yosazama. Pogula mbewu mphuno ndiyo ikhale patsogolo. Ndipo wina akadzakugulitsani njere zake m'kapepala mukayikire, mtundu umene tili nawo m'makomomu sutulutsa ngayaye kawirikawiri, timafalitsa ndi matsinde basi. Vetivayo musataye, kamudzaleni pamene madzi amakumba pakhomo panu.

Yamikani: A Nabanda mukamagawa mundikumbukire chonde. Ndili ku Area 49.

Nabanda: Mwalembedwa kale, woyamba ndinu.

Make Tadala: Ine chimene ndinadzalira poyamba ndi udzudzu. Anandiuza kuti ukadzala pansi pa windo udzudzu subwera, ngakhale njoka zimathawa.

Anamwino Chikondi: Apa ndiye ndilowererepo, ndimadikira kuti wina atchule. Amayi, munaona udzudzu utachepa?

Make Tadala: Kunena zoona ayi. Mwinanso unkabisala momwemo.

Anamwino Chikondi: Eya. Mafuta onunkhirawo ali m'kati mwa tsamba, satuluka pokhapokha tsamba litatikitidwa kapena kuphikidwa. Chitsamba chongoima phee sichithamangitsa kanthu, ndipo phata lothithikana lonyowa ndi mthunzi wabwino woti udzudzu upumemo masana. Makandulo ndi mafuta othamangitsa udzudzu amene amalembedwa citronella amachokera ku m'bale wake wina, osati uyu wa tiyi, ndipo ngakhale amenewo mphamvu yake siikhalitsa pakhungu. Neti ndiye neti, palibe cholowa m'malo mwake.

Ndipo poti tayamba, ndinene chimene chimandipweteka ku ntchito. Mwana watentha thupi Lolemba, amayi akumumwetsa lemonigirasi, akutuluka thukuta, thupi likuzizirako, iwo amvekere wachira. Lachitatu watenthanso, amuwiritsiranso. Lachisanu akubwera naye ali kukomoka, maso ayera, magazi atha. Tiyiyu sapha tizilombo ta malungo. Amathandiza kuti munthu amwe madzi ambiri, atuluke thukuta, pakhosi pafewe, m'mimba mukhazikike, zimenezo sindikutsutsa ndipo inenso ndimamwa. Koma thupi likatentha, makamaka mwana wosafika zaka zisanu kapena mayi woyembekezera, kayezetseni tsiku lomwelo. Kubaya pachala, mphindi 15 kapena 20 zotsatira zatuluka. Akapeza malungo ndi LA, kawiri patsiku masiku atatu, kumaliza onse ngakhale mwana ayambe kusewera tsiku lachiwiri. Tiyi abwere pambuyo ngati wothandizira.

Che Jafali: Koma anamwino, makolo athu ankachira ndi zitsamba zomwezi kusanabwere zipatala.

Anamwino Chikondi: Ena ankachira Che Jafali, ena ankapita, ndipo amene anapitawo sali pagulu pano kuti atiuze. Funsani agogo kuti m'mudzi mwawo mayi mmodzi ankaika ana angati. Ngakhale mankhwala a kuchipatala amasintha tizilombo tikawazolowera. Tinali ndi kulolokwini, dziko lino linamusiya mu 1993 n'kutenga Fansida, kenako mu 2007 tinayamba LA. Ngati tizilombo tinagonjetsa kulolokwini, ndiye tigonje ndi tiyi?

Agogo Nasimango: Agogo akuti anamwino asawakumbutse. Akuti iwo anabereka asanu ndi anayi, analera asanu ndi mmodzi. Akuti tiyi ndi wa chimfine ndi kuzizidwa, mwana akatentha thamangani.

Che Jafali: Ndagonja. Ine ndimanena za chimfine chomwecho.

Anaphiri a ku Harare: Nkhani imeneyi ikundikumbutsa nthawi ya Covid, Januwale 2021. Kuno anthu anapenga ndi zumbani, uja kwathu timati chanzi. M'misewu monse anali kugulitsa timitolo, ena kukathyola kutchire mpaka kuzula ndi mizu yomwe. Lemonigirasi wanga wa pakhomo anthu anamumeta usiku, ndinadzuka m'mawa ndapeza zitsa zokha. Ndinakwiya tsiku lonse, kenako ndinati kaya, mwina wina wake akubanika. Chodabwitsa n'choti pakutha mwezi anaphukira bwino kuposa kale, masamba anthete okhaokha. Kuyambira pamenepo ndimamumeta dala kawiri kapena katatu nthawi ya mvula.

Make Tadala: Kunonso inali bulugamu, mandimu ndi jinja, kudzifukiza m'bulangete mpaka kuona nyenyezi. Mwana wa aneba anapsa mwendo ndi mphika wa nthunzi.

Anamwino Chikondi: Amenewo tinawalandira ambiri. Ndiwonjezere ziwiri ndisiye. Oyembekezera asamwe wowirira kwambiri kapena makapu ambirimbiri patsiku. Ndipo amene muli pa mankhwala a BP kapena a shuga, musasiye chifukwa wina pa Facebook wati lemonigirasi amatsuka magazi. Imwani tiyi wanu, imwaninso mapiritsi anu.

Gift wa ku Joni: Ndipo kumwa tiyi wa mankhwala mutathiramo masupuni anayi a shuga, a Malawi inu 😂

Che Jafali: Atatu okha achimwene, tisanamizirane.

Admini: Tabwereraniko ku dimba abale. Za njoka sizinayankhidwe, ndipo wina anandifunsa kumbali za madontho ofiira pamasamba.

Bambo Mwale: Za njoka ine ndinapezamo njoka yobiriwira itadzipinda m'phata momwemo, ndiye musandiuze kuti imathawa. Phata la zinyalala limaitana achule ndi mbewa, njoka imatsata zimenezo. Muzisolola masamba ouma mwezi ndi mwezi, pansi pazioneka.

Madontho ofiirawo, pukutani ndi chala kunsi kwa tsamba. Ngati pachala patsala ufa wonga dzimbiri, ndi matenda a chinyezi, amakonda malo a nkhungu ndi chiperoni ngati Thyolo ndi Mulanje, komanso pamene mwadzala mothithikana kapena pamthunzi. Metani masamba onse ogwidwa mutenthe, musaike pa kompositi. Thirirani pansi osati pamasamba, ndipo m'mawa osati usiku. Mankhwala opopera ine sindilimbikitsa pa chinthu chimene mukawiritse mawa n'kumwetsa ana. Saphanso phata, amangolinyansitsa ndi kuchepetsa masamba abwino. Koma ngati nsonga zokha ndizo zikupsa, popanda ufa, limenelo ndi ludzu kapena mphepo ya mwera.

Nabanda: Nanga masamba onse ndimete tsiku lozulalo nditaye? Ndi ambiri, adzaza thumba.

Anaphiri a ku Harare: Musataye! Sankhani abwino, tsukani, duladulani ngati chala, yanikani pamkeka m'nyumba kapena pakhonde podutsa mphepo. Padzuwa ayi, fungo lonse limathawa mutsala ndi udzu wofolera. Muzitembenuza, masiku anayi kapena asanu akamathyoka ndiye auma. Sungani m'botolo lotseka bwino, osati m'jumbo, muja amachita chuku. Nthawi ya mvula kuyanika kumavuta, ndiye yalani mopyapyala.

Pophikanso anthu ambiri amalakwitsa, amabwatitsa mpaka madzi kufiira poto ali pululu. Fungo limene mukulimva nyumba yonse ndi limene lachoka mu tiyi wanu. Ine ndimatenga masamba atatu, kuwapinda n'kumanga mfundo, madzi akawira ndimaponyamo, kuvundikira, kuphula, kudikira mphindi khumi. Ndiye kusefa, chifukwa timinga ta m'mphepete mwa tsamba timakanda pakhosi.

Nabanda: Mfundo imeneyo ndi mmene ankachitira mayi anga. Ankamanga ali chiyimire pakhomo la khitchini, n'kuponya mu ketulo yakuda ija osayang'ana. Chabwino, ndidikira mvula. Ndidzakuuzani.

Nabanda: Moni nonse, ndabwera ndi lipoti la lemonigirasi uja. Mvula inagwa usiku wonse Lachinayi lina, Loweruka lake ndinazula. A Mwale simunaname, linali ngati ndikuzula chitsa cha mtengo, mpini wa khasu unathyoka mpaka ndinakabwereka kwa aneba. Chiswe chinalimo pakati, komanso mazira awiri a nkhuku owola, a Gift mwawina. Matsinde amoyo ndinawerenga 64. Ndadzala mayenje asanu ndi limodzi m'mbali mwa mpanda, atatuatatu. Lero ndi tsiku lachisanu ndi chinayi, onani chithunzi, mayenje asanu atulutsa nsonga. Limodzi lili zii.

Bambo Mwale: Mwagwira ntchito. Lachisanu ndi chimodzilo lipatseni sabata ina. Gwedezani tsinde pang'ono, ngati likukana ndiye lagwira. Musathyole tsamba mpaka miyezi itatu, alekeni amange mizu.

Yamikani: Anga ndinalandira, ndadzala. Ndinanunkhiza kaye pamaso pawo 😂

Gift wa ku Joni: Mazira aja munditumizire, ndi malipiro a ulosi.

Nabanda: China ndi ichi. Ndinaimbira achemwali anga ku Ntcheu kuwauza kuti ndagawa mbewu ya amayi. Anangoti zii kaye, kenako akuti kodi iwe uli nayobe? Kumudzi phata lija linatha chaka chatha, ana anatentha zinyalala pafupi moto n'kulowamo, chotsala mbuzi zinamaliza. Sanandiuze poopa kuti ndidandaula. Ndiye kuyambira chaka chatha yense amene anatsala ndi yemwe ankawola kuseri kwa khitchini yangayu, ine osadziwa.

Make Tadala: Mayo. Thupi langa lachita tsembwe.

Agogo Nasimango: Agogo akufunsa kuti ndiye watumiza kale kumudziko?

Nabanda: Ndawasungira matsinde 20, ndawaimika m'ndowa ya madzi pang'ono pamthunzi. Alamu anga akupita Lachisanu pa minibasi. A Mwale, kuchokera Loweruka lija mpaka Lachisanu likubwerali sachedwa? Ena ayamba kutulutsa timizu tatsopano toyera.

Bambo Mwale: Sachedwa, timizuto ndi umboni woti ali bwino. Muzisintha madzi pakapita masiku awiri asanunkhe, ndipo madziwo angofika pa mizu basi. Lachisanu kulungani kumunsi ndi nyuzipepala yonyowa, ikani m'jumbo koma kukamwa kukhale kotsekula. Muwauze alamuwo anyamule pamiyendo, asalole kondakitala aponye kumbuyo pansi pa matumba a feteleza.

Nabanda: Ndiwauza. Otsala 14 alipobe, amene ali ku Lilongwe andipeze kumbali lisanafike Lamulungu. Mubwere ndi jumbo yanu.